Kwa achimwene a ku Mpondasi ofuna kukhala sound designer

Achimwene mwati mwalemba MSCE, mumapanga ma beat pa FL Studio ndipo mukufuna muzipanga sound ya mafilimu ndi zisudzo koma simukudziwa poyambira komanso ngati muli dola. Ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Ma beat ndi ntchito ina, iyi ndi inanso. Sound designer wake ndi chilichonse chomwe khutu likumva mufilimu, mawu a ochita sewero, mapazi, chitseko chikamatsekedwa, mafunde, ngakhale pamalo pongoti zii amachita kupakonza. Zambiri mwa zimenezi sizijambulidwa tsiku la shooting ayi, zimadzaikidwa pambuyo, munthu akuyang'ana chithunzi kwinaku akuponda mchenga m'beseni kuti zigwirizane ndi mapazi a mufilimumo, ndiye foley imeneyo. Khutu la nyimbo muli nalo kale, likuthandizani, koma palokha silikwanira.

Kuno kwathu musadikire kuti muona vacancy ya sound designer munyuzi. Munthu mmodzi yemweyo amagwira boom (ndodo yaitali yonyamulira maiki), yemweyo amatsuka mawu, yemweyonso amapanga mix. Ndiye ine ndinganene kuti yambani ndi kujambula mawu oyera pa location chifukwa m'pamene mafilimu athu ambiri amagwera, chithunzi chimakhala bhobho koma mawu ngati munthu akulankhulira m'chigubu. Mukatha chimenechi ma director azikusakani okha.

Ndipo Mangochi ndi sukulu yabwino chifukwa ndi kovuta heavy. Mwera ukayamba cha mu June ndi July maiki yopanda chaubweya chija amati deadcat imangojambula phuuu basi, mawu onse atha. Patauni njinga zamoto za kabaza sizikupatsani mpata, magetsi akazima majenereta amayamba kulira mbali zonse, komanso muzidziwa nthawi ya azana kumzikiti kuti musayambe scene yaitali kwatsala mphindi zochepa, mumangodikira mwaulemu ithe. Maiki iziyandikira pakamwa mmene mungathere bola isaoneke pa kamera, mahedifoni asachoke kumutu, jambulani pa 48kHz osati MP3, ndipo scene ikatha uzani aliyense akhale chete kwa mphindi imodzi mujambule mpweya wa pamalopo. Anthu amaseka mukamatero, koma tsiku la editing mudzafuna kutseka mipata ndi mpweya womwewo.

Pa zida musathamangire ngongole. Karekoda ngati Zoom H1n ndi mahedifoni abwino n'zokwanira poyambira, shotgun, maiki yaitali yotola mawu a kumene yaloza, mudzagula ntchito zikayamba kubwera. Pa mapulogalamu a pakompyuta okonzera sound, Audacity ndi yaulere, DaVinci Resolve ilinso ndi yaulere ndipo mkati mwake muli Fairlight yopangira sound chithunzi mukuchiona, Reaper ndi yotchipa. Pro Tools ndi imene ma studio akuluakulu akunja amagwiritsa ntchito, mudzaiphunzira, isakusowetseni tulo panopa.

Zisudzo za pa siteji ndi nkhani ina chifukwa kulibe take two. Mumakhala ndi script yolembedwa ma cue onse, wosewera akangoti mawu akutiakuti inu mwatulutsa bingu, mukachedwa pang'ono holo yonse iseka pamalo pofunika kulira. Kunja amagwiritsa ntchito pulogalamu yotulutsira ma cue yotchedwa QLab koma imayenda pa Mac pokha, kuno ambiri ndi laputopu ndi kamikisa basi. Pitani ku magulu a drama a m'masekondale kapena kutchalitchi mukapemphe kuwagwirira ma rehearsal, mudzaphunzira kuthana ndi kulira kwa masipika kuja anthu asanatseke makutu.

Za sukulu, ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa drama ndi music, ku Lilongwe kuli Music Crossroads, ngati mapointi ndi thumba zikulola pitani. Koma pafupi pompano pali Radio Maria, ku Monkey Bay kuli wailesi ya Dzimwe, kafunseni ngati angakulandireni muziphunzira, sewero la pawailesi ndi sound design yeniyeni poti womvera saona kanthu, mudzi wonse mumaumanga ndi mawu okha.

Ndalama zilipo koma sizibwera pakutha pa mwezi, ndipo sindikunamizani, filimu payokha sikudyetsani chaka chonse. Omwe akukhalira ntchitoyi amaphatikiza ma documentary a mabungwe, ma jingle, PA ya paukwati ndi misonkhano ya m'malodge a kunyanjaku. Mtengo muzigwirizana musanayambe, deposit kaye, ndipo dzina lanu lilembedwe kumapeto kwa filimu. Za "tidzakuonani filimu ikagulitsidwa" zija mukane mwaulemu.

Chinthu china chomwe anzanu a ku Blantyre ndi Lilongwe alibe ndi nyanjayi. Lawirirani ku Makawa kapena ku Chembe mukajambule asodzi akubwera ndi usipa, nkhafi zikumenya madzi, nkhwazi, amayi akutsatsana mitengo m'Chiyao padoko, bola muziyamba mwapempha eni ake. Fayilo iliyonse muziilemba malo ndi tsiku, wina akadzafuna mawu a kunyanja adzagula kwa inu.

Sabata ino tengani kavidiyo ka mphindi ziwiri kojambula ndi anzanu, chotsani sound yonse muimangenso nokha kuyambira mapazi mpaka mphepo, mukamaliza muponye mugulu muno timve.