Anaimba pakati pa usiku, m'mawa anakana kutuluka mobisa

Adzukulu anga awiri andilembera, mnyamata ndi mtsikana, onse a gulu limodzi la achinyamata kumpingo kwawo. Akuti akangana mpaka asiya kupatsana moni. Mnyamata akuti: "Agogo, ntchito imene Ambuye anatisiyira ndi yolalikira kuti anthu atembenuke mtima. Zomenyera anthu ufulu, zamalipiro a antchito, zamilandu ya amasiye, izo n'zandale, zili ndi eni ake." Mtsikana akuti: "Agogo, ine ndatopa. Timaimba, timavina, koma pabenchi lomwelo pakhala munthu amene sanalipidwe miyezi itatu, ndipo amene akumukaniza malipirowo ndi amene akutsogolera pemphero kutsogoloko. Chimwemwe chotere chimandichititsa manyazi, moti ndasiya kupita kukwaya. Mkhristu angasangalale bwanji anzake akulira?"

Khalani pansi nonse awiri, mutsegule Machitidwe a Atumwi mutu 16.

Paulo ndi Sila ali mumzinda wa Filipi. Kumeneko kunali mtsikana wina, kapolo, wogwidwa ndi mzimu wolosera, ndipo ambuye ake ankadyerapo ndalama zambiri. Paulo atautulutsa mzimuwo, eni kapoloyo sanaganize zoti mwanayu wachira. Anaona kuti malonda awo atha. Anawakokera awiriwo kwa oweruza, akuluakuluwo n'kulamula kuti awavule, awakwapule ndi ndodo, popanda n'kuzenga mlandu komwe. Kenaka anawaponya m'chipinda chamkati cha ndende, miyendo ili m'matangadza. Iwe mnyamata, taona pamenepa: Paulo sanapite ku Filipi kukachita ndale. Anangomasula munthu mmodzi. Koma munthuyo anali mgodi wa ena, ndipo ukamasula woponderezedwa, wagwira kale thumba la womupondereza, ufune usafune.

Pakati pa usiku, misana ili zilonda zokhazokha, awiriwo anayamba kupemphera ndi kuimba nyimbo zotamanda Mulungu, akaidi anzawo akumvetsera. Za chivomezi chimene chinatsekula zitseko za ndende mukuzidziwa, ndi za mlonda uja amene anasolola lupanga kuti adziphe poganiza kuti akaidi athawa, Paulo n'kufuula kuti usadzipweteke, tonse tilipo. Usiku womwewo mlondayo anawatsuka mabala, nabatizidwa iye ndi a pabanja pake. Alaliki ambiri amathera pamenepa, anthu n'kuomba m'manja. Ine ndimakonda zimene zinachitika kutacha.

Oweruza aja anatuma asilikali kukanena kuti amasuleni anthu aja, azipita. Mlonda anafika nawo uthengawo mokondwa: tulukani, pitani mumtendere. Paulo anakana. Pa vesi 37 akuti, anatikwapula pamaso pa anthu osatizenga mlandu, chikhalirecho ndife nzika za Roma, natiponya m'ndende, tsopano akufuna kutitulutsa mobisa? Ayi, abwere okha adzatitulutse. Lamulo la Roma silinkalola kukwapula nzika chonchi, ndipo Paulo ankalidziwa lamulolo. Akuluakuluwo anachita mantha, anabwera, anapepesa. Munthu amene anaimba usiku ndi yemweyo amene m'mawa anaumirira kuti olamula ayankhe pa zimene achita. Inu awirinu mwamugawana Paulo, wina watenga wa usiku, wina wa m'mawa.

Ndiyambe ndi iwe mnyamata, ndipo ndiyamba ndi manyazi anga.

Zaka zapitazo ndinali ndi mnyamata wondigwirira ntchito pakhomo. Mwezi wina utatha, ndalama ndinali nazo ndithu, koma ndinali nditalonjeza kuthandiza ulendo wa anthu a kumpingo opita kukalalikira kutali. Ndinati mumtima, ntchito ya Mulungu iyambe, mnyamatayu adikira. Anabwera, anaima pakhomo atagwira chipewa ndi manja onse awiri. Ndinati udikire pang'ono, zinthu sizili bwino. Anangoti, "Chabwino bwana," n'kutembenuka. Anayenda pang'onopang'ono, ngati akuyembekeza kuti ndimuitananso. Panapita masabata awiri. M'masabata amenewo ine ndinalalikira kawiri, ndipo anthu anandigwira chanza kuti uthenga unali wamphamvu. Agogo anu aakazi sanandikalipire. Tsiku lina m'mawa ndinapeza Baibulo lili chitsegulire pamalo pamene ndimakhala, kachingwe kali pa Deuteronomo 24. Mavesi 14 ndi 15 amati usapondereze wantchito wosauka, umupatse malipiro ake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pomwepo, angalirire kwa Yehova, iwe n'kupezeka wochimwa. Nditamuitana kudzamulipira m'pamene ndinamva kuti mwana wake ankadwala, ndipo anali atakongola kale ndalama zachiwongoladzanja. Zimene ndinamupatsa zinangodutsa m'manja mwake. Ine ndinatumiza Uthenga Wabwino kutali ndi ndalama ya mankhwala a mwana wa mnzanga.

Tandiuza, mdzukulu wanga, pamenepo panali ndale yanji? Yakobo 5:4 amati malipiro amene mwakaniza antchito akufuula, ndipo kulira kwawo kwafika m'makutu a Ambuye. Yesu mwini, ataimirira m'sunagoge ku Nazarete pa Luka 4, anawerenga mawu a Yesaya onena kuti wadzozedwa kulalikira Uthenga Wabwino kwa osauka, kulengeza kumasulidwa kwa am'nsinga ndi kumasula opsinjidwa. Anapinda buku, nati lero mawuwa akwaniritsidwa. Ameneyo ndiye anakutuma.

Mantha ako ndikuwamva, ndipo si opanda pake. Ndaonapo mipingo itasanduka mabwalo a zipani, guwa lili pobwerekera. Ukamakana zimenezo ndili nawe. Koma mkangano wanuwu si watsopano. M'chaka cha 1974 atsogoleri a mipingo yolalikira ochokera m'maiko pafupifupi 150 anakumana ku Lausanne, ku Switzerland, ndipo m'pangano lawo anavomereza molapa kuti nthawi zina ankaona ngati kulalikira ndi kusamala za chilungamo pakati pa anthu ndi zinthu zotsutsana. Anati zonse ziwiri ndi udindo wa Mkhristu.

Pali munthu wina amene nkhani yake imandiopsa kuposa ya anthu oipa. John Newton, Mngelezi woyenda panyanja, anayamba kutembenukira kwa Mulungu mu 1748 atapulumuka pa namondwe. Ukuganiza kuti anasiya pomwepo ntchito yake? Pambuyo pake m'pamene anakhala woyendetsa sitima zonyamula akapolo kuchokera ku Africa, mpaka 1754. Ankawerenga Baibulo ndi kupemphera m'chipinda chake pamwamba, pansi pa mapazi ake pali anthu omangidwa maunyolo. Anadzakhala m'busa, ndipo mu 1788 ndi pamene analemba poyera kutsutsa malondawo, akuvomereza kuti kulapa kwake kwachedwa. Anathandiza William Wilberforce, phungu wa nyumba ya malamulo amene ankalimbana ndi malondawo, ndipo anamwalira mu 1807, chaka chomwe Britain inaletsa malonda a akapolo. Zaka zoposa makumi atatu, munthu wopemphera, maso ali otseka mbali imodzi. Ukamalalikira kutembenuka mtima, uzifunsanso kuti pansi pa sitima yako pali ndani.

Tsopano iwe mtsikana. Mkwiyo wakowo sindikuuzimitsa. Amosi anakwiya kuposa iwe. Pa mutu 5 Mulungu akuti chotsani phokoso la nyimbo zanu, sindimvera, koma chilungamo chiyende ngati madzi. Nyimbo zoimbira pamwamba pa misozi ya ena Mulungu anazikana kalekale. Pamenepo sunalakwe.

Pamene walakwa ndi pothawa. Wasiya kwaya, wasiya kupereka moni, ndipo munthu wosalipidwa uja akadali wosalipidwa. Nkhope yako yakugwa sinamuonjezere kanthu.

Choyamba, kalankhule naye mwini wake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iye ndi amene akudziwa zimene angataye. Mwina akuopa kuchotsedwa ntchito, mwina alipo kale amene akumuthandiza, mwinanso nkhaniyo ili ndi mbali imene iwe sunaimve. Usathamangire kuilemba pa Facebook. Anthu adzakuyamikira tsiku limodzi kuti ndiwe wolimba mtima, mawa lake mnzako n'kupezeka alibe ntchito, iwe uli phee kwanu. Akalola, tsatira njira ya pa Mateyu 18: kuyamba mwamseri, kenaka ndi mmodzi kapena awiri, zikakanika m'pamene nkhani ipite kumpingo. Poti wolakwayo ndi wamkulu, Paulo anamuuza Timoteyo kuti munthu wamkulu usamudzudzule mwaukali, umudandaulire ngati bambo ako. Ulemuwo suchotsa kanthu pa choonadi. Mneneri Natani sanalowe kwa mfumu Davide akutukwana. Anamusimbira nkhani ya munthu wosauka ndi kankhosa kake kamodzi, mfumu itapsa mtima ndi kuweruza yokha, m'pamene anati munthuyo ndinu.

Ndipo usaganize kuti kudandaula mumpingo n'kuugawa. Pa Machitidwe 6, okhulupirira olankhula Chigriki anadandaula kuti amasiye awo akusiyidwa pa zogawa za tsiku ndi tsiku. Atumwi sanati pempherani, izi n'zazing'ono. Anaitanitsa msonkhano, panasankhidwa anthu asanu ndi awiri oyang'anira nkhaniyo, ndipo ukawerenga maina awo upeza kuti onse ndi a Chigriki. Vesi 7 ikuti mawu a Mulungu anafalikirabe.

Sindikubisira kuti zimenezi nthawi zina zimadula. Ku Uganda, Akibishopu Janani Luwum ndi mabishopu anzake analembera Idi Amin, pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, kalata yodandaula za kuphedwa ndi kusowa kwa anthu. Mu February 1977 Luwum anaphedwa, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Ku El Salvador, Akibishopu Oscar Romero anapempha asilikali kuti aleke kupha abale awo, ndipo mawa lake, pa 24 March 1980, anaomberedwa ali paguwa akuchita Misa. Inuyo mwina sizidzafika pamenepo. Koma kuyang'anidwa ndi diso loipa, kunenedwa kuti mwana wopanda mwambo, kusiyidwa pa maudindo, zimenezo yembekezera.

N'chifukwa chake ndikukuuza kuti ubwerere kukaimba. Ulendowu ndi wautali, ndipo mkwiyo wokha uli ngati moto wa mapesi, umayaka kwambiri n'kutha msanga. Ndaonapo achinyamata ambiri oyamba ndi ukali wolungama, patapita zaka zochepa n'kukhala anthu owawa mtima, odana ndi aliyense, ngakhale ndi anthu omwe ankawamenyera nkhondo aja. Akibishopu Desmond Tutu analimbana ndi tsankho la ku South Africa zaka zambiri, anaika maliro ambiri a anthu ophedwa, ndipo mu 1996, akutsogolera bungwe lomva zoona ndi kuyanjanitsa anthu, anagwetsa mutu patebulo n'kulira pamaso pa onse atamva umboni wa munthu wozunzidwa. Koma aliyense amene anamuonapo amakumbukira kuseka kwake ndi kuvina kwake. Kodi munthu ameneyo unganene kuti ankaseka chifukwa sankadziwa mavuto a anthu?

Chimwemwe cha Mkhristu chimachokera pa kudziwa kuti woweruza wotsiriza si bwana uja, si Amin, si oweruza a ku Filipi. Habakuku anayamba buku lake akukangana ndi Mulungu, akufunsa kuti ndidzafuula mpaka liti za chiwawa inu osapulumutsa. Anatsiriza akunena kuti ngakhale mkuyu usaphuke, ngakhale m'khola musakhale ng'ombe, ine ndidzakondwera mwa Yehova. Zinthu zinali zisanasinthe pamene ankanena zimenezo. Paulonso, patapita zaka, ali m'ndende ina, analembera mpingo wa ku Filipi womwewo kuti kondwerani mwa Ambuye nthawi zonse, ndibwerezanso, kondwerani. Ine ndikamawerenga kalatayo ndimaganizira mlonda uja atakhala pakati pa omvera, akukumbukira mabala amene anatsuka ndi nyimbo zimene zinamveka m'ndende yake. Kwa iye mawuwo sakanamveka ngati a munthu wongolankhula.

Ndiye ndikupatseni ntchito. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aliyense wa inu ali ndi chimene mnzake akusowa. Mupatsane kaye moni. Kenaka mupite limodzi kwa munthu wosalipidwa uja, mukakhale naye pansi, mukamve. Iwe mnyamata, tenga Baibulo lako lomwe umalidziwa bwinolo, udzakhale woyamba kulankhula mukadzafika kwa mkulu uja, chifukwa iwe amakudziwa kuti si wandale. Iwe mtsikana, tsiku limenelo udzalankhule pang'ono, koma miyezi uiwerenge bwino, ndi itatu, asadzakuuzeni kuti ndi iwiri. Lamlungu ukaime pamalo ako m'kwaya. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva kuti mkuluyo anayankha chiyani.