Aphunzitsi a ku Mabvuku, ana anu ayambire pa mpope wouma

Mayi wina amene amaphunzitsa Fomu 3 ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare, anditumizira imelo. Akufuna kuti ophunzira ake ayambe kuwerenga ndi kulemba nkhani zopeka za sayansi, koma aphunzitsi anzake akuti zimenezi n'zachibwana, sizibwera pa mayeso a boma a ZIMSEC. Akufunsa poyambira. Aphunzitsi, mwakhudza chilonda chakalekale, ndiye mundipirire.

Mu 1994 ndinali Fomu 2. Tinkakhala ku Mufakose m'nyumba ya agogo aamuna, mtchona amene anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito kuno ku Halale, osabwereranso. Mu Seputembala chaka chimenecho, ana pafupifupi 60 a pa Ariel School ku Ruwa, pafupi ndi Harare, ananena kuti aona chombo cha m'mlengalenga chitatera pafupi ndi bwalo lawo losewerera, ndipo munatuluka tianthu ta maso akuluakulu. Nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa. Akuluakulu ankatsutsana, ine tulo osabwera. Ndinatembenuza kope la masamu n'kulemba chakumbuyo nkhani ya masamba 11. M'nkhani yangayo chombo chinasochera n'kutera pa msika wa Mbare Musika, ndipo amene anamvana ndi alendowo anali nkhalamba ina ya kwathu yogulitsa fodya wofwenkha, chifukwa iyo inkadziwa kuwawa kokhala mlendo m'dziko la eni.

Mphunzitsi wina analipeza kopelo. Anawerenga tsamba loyamba mokweza, atafika pamene nkhalamba ija ikulankhula Chichewa anapotoza pakamwa, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali. Kenako anathothola masambawo, pachikuto n'kulemba ndi cholembera chofiira kuti ndisiye kutaya nthawi. Zinanditengera zaka 15 kuti ndilembenso nkhani ina.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawafotokozera agogo nkhani yonse pakamwa, misozi ili chuchuchu. Sanandipepese. Anakhala duu, kenako anati, "Iwe mwana, alendo akowo ankadya chiyani? Madzi a kuno sanawatsegule m'mimba? Ife titangofika kumene tinadwala nawo." Ndinalibe yankho. Agogo sanalowepo m'kalasi, koma funso lawo ndi limene ndimayesera nkhani iliyonse ya mtundu uwu mpaka lero. Wabweretsa chinthu chachilendo, chabwino, nanga chikuyenda bwanji, ndipo anthu chikuwachita chiyani?

Apa m'pamene pali kusiyana ndi nthano za ufiti. Ana athu amadziwa bwino za lichero louluka usiku, ndipo ndikukuuzani, m'kalasi mwanu wina adzalilemba. Musamukalipire. Mufunseni kuti lichero lakelo likuuluka ndi mphamvu yanji, ikatha amaidzaza kuti, analipanga ndani, ndipo a makombi ati chiyani anthu akasiya kukwera. Akayamba kuyankha, ndiye kuti sayansi yalowa.

Tsono amene akuti izi n'za azungu, ine sindiwamva ngakhale pang'ono. Shadreck Chikoti wa ku Malawi analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa zaka 500 kutsogoloku. Ivor Hartmann wa kuno ku Zimbabwe anasonkhanitsa nkhani za olemba a mu Africa m'buku la AfroSF mu 2012. Mayi wina wa ku America, Nancy Farmer, anakhalapo m'dziko lino ndipo anatulutsa The Ear, the Eye and the Arm mu 1994, nkhani yochitikira mu Harare wa chaka cha 2194. Tangoganizani, chaka chomwecho chimene masamba anga anathotholedwa, munthu wakutali anali kugulitsa tsogolo la mzinda wathu womwe uno! Zimenezi zimandipwetekabe. Amene akuti n'zachibwana adziwe kuti Mary Shelley anayamba kulemba Frankenstein ali ndi zaka 18, msinkhu wa mtsikana wa Fomu 6, ndipo bukulo linatuluka mu 1818 koma likuwerengedwabe. Mu 2022 Zimbabwe inatumiza m'mlengalenga satelayiti yake yoyamba, ZIMSAT-1. Tikufuna ana odzapanga masatelayiti ena, koma tikuwaletsa kulota papepala?

Pali china chimene simunafunse. Adzukulu a matchona ku Mabvuku, ku Mbare, ku Dzivarasekwa, Chichewa chikuwathawa. Amachimva kumaliro, kutchalitchi ndi pa gule wamkulu basi, ndiye m'mitu mwawo ndi chilankhulo cha okalamba ndi cha zakale. Mwana akaika loboti yolankhula Chichewa m'chaka cha 2080, wanena kuti chilankhulo cha agogo ake chidzakhalapo nthawi imeneyo. Aloleni asakanize Chichewa, Chishona ndi Chingelezi monga amalankhulira panjira. Mawu akasowa, apeke awoawo. Paja "chombo" linali la panyanja, lero timalitchulira chopita kumwezi, palibe anadandaula.

Zochita Lolemba

Musayambe ndi buku lalikulu. Awerengereni mokweza nkhani imodzi yaifupi, kapena mutu umodzi wokha, mphindi khumi, mulekeze pokoma. Kenako lembani pabolodi chinthu chimene aliyense amachidziwa: mpope wouma. Madzi a mzinda uno amachokera ku Lake Chivero n'kuyeretsedwa pa Morton Jaffray, ndipo ana a ku Mabvuku akula akuima pamzere pamjigo. Auzeni asinthe chinthu chimodzi chokha. Mwina mtsikana wapanga makina okama madzi mumpweya. Akugulitsa kapena akugawa? Ogulitsa madzi m'migolo amuchita chiyani? Makinawo ayenda bwanji magetsi akathima? Masamba awiri akwana. Aphunzitsi a sayansi muwapemphe abwere tsiku limodzi kudzafunsa mafunso ngati a agogo aja, ana awerengerane awiriawiri.

Anzanu a nkhawa ndi mayeso muwauze kuti mwana amene walemba nkhani zinayi mwa kufuna kwake sadzanjenjemera ndi chimangirizo. Cholembera chofiira chikhale m'chikwama mpaka ana atalemba kachiwiri. Ndipo ngati pali wina wokhala kumbuyo amene akubisa kope lake, musaliwerenge mokweza asanakuloleni yekha.