Mwana wanga akufuna kusiya sukulu kuti akakhale wa wrestling

Funso: Mwana wanga wamwamuna ali Fomu 3. Iye ndi mnzake amangokhalira kuonera wrestling, ndipo akuti adzapita ku America kukakhala tag team yotchuka. Pano wayamba kujomba, akuti MSCE ilibe phindu kwa munthu wodzadyera mphamvu zake. Ndimuuze chiyani? Ndine mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Mayi, musayambe ndi kumuuza kuti wrestling ndi yabodza. Zimenezo akuzidziwa kale, ndipo mukatero angotseka makutu. N'zoona kuti wopambana amakhala atasankhidwa kale ndi eni kampani, koma kugwa kwake n'kwenikweni, ndipo ndi ntchito imene ena adyerapo. Chimene mwanayo sakuchiona ndi njira yolowera pa ntchitoyi komanso zimene zimachitika ikatha. Mufotokozereni za munthu mmodzi amene anaiyenda njira yonseyo mpaka kupuma, Rick Steiner.

Dzina lake lenileni ndi Robert Rechsteiner, ndipo anabadwa mu 1961 ku Michigan. Asanaonekere pa TV anali wophunzira pa University of Michigan, kumene ankasewera masewera ogwetsana enieni, aja a pa mkeka opanda zingwe, m'timu ya sukuluyo. Anatulukako ndi digiri ya zauphunzitsi. Mng'ono wake Scott anadzera pa yunivesite yomweyo, m'timu yomweyo. Mu 1989 anayamba kusewera limodzi ndi dzina loti Steiner Brothers, ndipo chaka chisanathe anali atatenga lamba wa awiriawiri kwa Fabulous Freebirds. Anadzatenganso malamba a IWGP ku Japan, ndipo mu 1993 anatenga kawiri a WWF, kampani imene pano imatchedwa WWE. Polowa m'bwalo ankakonda kuvala majekete a yunivesite yawo, Rick atavalanso zoteteza makutu za osewera a pa sukulu. Sukulu imene mwana wanu akuithawayo, iwo ankaigulitsira nayo malonda.

Tsopano mbali ya tag team, imene anyamata awiriwa ayenera kuimvetsa bwino. Pa masewera a awiriawiri, ntchito yako ili m'thupi la mnzako. Mu 1991 Scott anavulala mkono, ndipo WCW, kampani imene ankasewerako, inawalanda lamba wawo wa awiriawiri, ngakhale Rick anali bwinobwino. Anayenera kufuna mnzake wongogwirizira. Mu February 1998 olemba nkhani za kampaniyo anaona kuti Scott angawapindulire kwambiri ali yekha, ndiye anakonza zoti aukire mkulu wake pakati pa masewero n'kulowa gulu la nWo. Scott anakwera mpaka kukhala katswiri wamkulu wa WCW mu 2000. Rick anapitiriza, anatengapo malamba ena, koma pamwamba penipeni sanafikepo. Awa ndi abale a bere limodzi, ndipo kulekana kwawo kunagamulidwa muofesi. Nanga anyamata awiri ongodziwana pa sukulu, ndani angawatsimikizire kuti kampani idzawafuna onse?

Kenako mu March 2001 WCW yeniyeniyo inagulidwa ndi WWF n'kutha. Rick anali atangokwanitsa zaka 40. Anaseweraponso ku Japan, ku TNA ndi m'makampani ang'onoang'ono, koma zaka za ndalama zambiri zinali zitapita. Dziwaninso kuti osewerawa kawirikawiri salembedwa ngati antchito okhazikika. Amasaina kontirakiti ngati aganyu, opanda penshoni, ndipo kontirakiti ikatha basi kwatha.

Apa ndi pamene nkhani yake imandikondweretsa. Rick anakhazikika ku Georgia n'kuyamba ntchito yogulitsa nyumba ndi malo, imene kumeneko imafuna kuti munthu aphunzire, alembe mayeso, apeze laisensi. Analowanso m'bodi yoyang'anira sukulu za boma m'dera la Cherokee County, ndipo wakhalamo zaka zambiri. Pa chisankho cha 2006 anamuchotsa pa mndandanda wa opikisana chifukwa analembetsa ndi dzina la Steiner m'malo mwa dzina lake la pa ziphaso, moti ovota anachita kulemba okha dzina lake pa pepala kuti apambane. Munthu amene anthu masauzande ankamuimbira m'manja ku Tokyo, ofesi ya chisankho sinamudziwe ndi dzina limenelo. Mu 2022 iye ndi Scott analowetsedwa mu WWE Hall of Fame, koma chimene chinamudyetsa zaka zonse zapakatipo si ulemu umenewo.

Sindikunena kuti aliyense wa digiri amatha bwino. Ndikunena kuti opanda kothawira amavutika koposa. Dynamite Kid wa British Bulldogs, amene akatswiri ambiri amati anali waluso kuposa anzake a nthawi imeneyo, anayamba masewerawa ali mnyamata, anawononga msana, anathera pa njinga ya olumala, ndipo anamwalira mu 2018 pa tsiku limene ankakwanitsa zaka 60. Mnzake Davey Boy Smith anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 39.

Mwina mwana wanu adzati zimenezo ndi zakale. Muuzeni ayang'ane amene akuwaonera lero. Bron Breakker ndi mwana wa Rick Steiner yemweyo. Ngakhale bambo ake ndi odziwika, anayamba wapita ku Kennesaw State University, kumene ankasewera mpira wa ku America, asanasaine ndi WWE mu 2021. Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana, amene anatenga malamba a awiriawiri kambirimbiri ndi The New Day, anamaliza maphunziro ku Boston College. Oba Femi wa ku Nigeria anafika ku America ngati wophunzira woponya chitsulo cholemera, n'kukathera ku University of Alabama, ndipo WWE inamupeza kumeneko kudzera mu pulogalamu yake ya Next In Line, imene inayamba mu 2021 n'cholinga chosaka osewera a m'mayunivesite. Kwa mwana wa mu Africa, khomo looneka bwino lolowera ku Performance Center, malo a WWE ophunzitsira osewera ku Orlando, ndi limeneli: kuchita bwino pa masewera enieni, kukhala ndi magiredi oti yunivesite ikulandire, ndi kuyankhula Chingerezi chomveka. Chingerezicho asachipeputse, chifukwa theka la ntchitoyi ndi kugwira maikolofoni n'kuyankhula pamaso pa khamu.

Ndinene mosabisa kuti mwayi wofika kumeneko ndi wochepa kwambiri, ngakhale kwa ana a ku America komweko. Koma sindingamuuze mnyamata wa Fomu 3 kuti aleke kulota. Ndingamuuze kuti malotowo ali ndi mtengo, ndipo gawo loyamba la mtengowo ndi makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Alimbikire Biology. Ikadzakanika ya ku America, Biology yomweyo ingamutengere ku maphunziro a physiotherapy ku KUHeS, kapena ku uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, ntchito zimene zingamusunge pafupi ndi zimene amakonda.

Inu mayi, panganani naye. Ngati akufunadi zamphamvu, alowe masewera okhala ndi mphunzitsi ndi malamulo, kaya judo, nkhonya, kuthamanga kapena kuponya zitsulo pa sukulu pomwepo, ndipo chilolezo chopita kokaphunzira chizidalira kuti sabata imeneyo sanajombe. Mwana amene amangokonda nyimbo zolowera ndi malamba onyezimira amagwa mphwayi mwezi usanathe, ndipo mudzadziwa msanga kuti wanu ndi wotani. Kakumaneninso ndi makolo a mnzakeyo, chifukwa mwana mmodzi akaletsedwa kujomba winayo n'kumaloledwa, ntchito yanu ipita pachabe. Aphunzitsi a kalasi yake adziwenso, kuti akasowa m'kalasi muzimva tsiku lomwelo.

Chinthu chimodzi chokha musanyengerere. Ngati anyamatawa akuyeserera kunyamulana n'kugwetsana pa matiresi kuseri kwa nyumba, aleke lero. Darren Drozdov anali wophunzitsidwa bwino, ali m'bwalo la WWF ndi mnzake wophunzitsidwanso bwino, koma mu October 1999 ananyamulidwa, dzanja linaterereka, anagwera mutu n'kuthyoka khosi. Sanayendenso mpaka imfa yake mu 2023.