Funsani Achimwene: Botolo lomwe andipatsa abwanali ndi lenileni kapena feki?

FUNSO

Achimwene, ine ndimagwira ntchito ya mu gadeni ku Randburg. Mwezi watha mabwana anga asamukira ku Cape Town nde polongedza katundu abwana aamuna anandipatsa botolo la wisiki nkunena kuti ndilisamale ndi lapadera. Vuto ndi loti dzina lakelo sindinalionepo mu botolo sitolo ina iliyonse muno mu Joni, palembedwa Blair Athol, pamwamba Signatory Vintage, kenako cask strength 57.8% ndi timanambala tina ngati ta pa chiphaso. Tinatsegula ndi mnzanga, toti imodzi yokha misozi inalengeza, kukhosi ngati tameza khala la moto, ndipo titathiramo madzi mowawo unachita mbuu. Mnzangayo akuti ndi wa feki. Ndimafuna wotsalayo ndikawapatse amalume ku Ntcheu pa Khirisimasi koma ndikuopa kukawapweteka. Ndithandizeni.

Wowerenga, Randburg

YANKHO

Achimwene anga, mtima pansi. Botolo sindinaligwire m'manja, koma zonse mwafotokozazi ndi zizindikiro za wisiki wabwino, ndipo abwana anuwo anakupatsani chinthu cha ulemu ndithu.

Tiyambe ndi dzinalo. Bell's mumamudziwa eti, yemwe ali pa shelefu ya bala iliyonse kuyambira ku Yeoville mpaka ku Sandton? Bell's ndi wosakaniza, amatenga wisiki wa mafakitale angapo nkuphatikiza, nde imodzi mwa mafakitale omwe amapereka mtima wa Bell's ndi Blair Athol yomweyo, ili m'tauni ya Pitlochry ku Scotland ndipo inayamba mu 1798. Mowa wake wambiri umathera mu zosakanizazo, nchifukwa chake dzina lake silimveka ngati Glenfiddich. Ndiye kuti mwina munamumwapo kale osadziwa, kungoti pano mwakumana naye ali payekha.

Wisiki wa payekha chonchi amamutcha single malt, ndiye kuti watchezedwa pa fakitale imodzi basi, kuchokera ku chimera cha balere, madzi ndi yisiti, mu mapoto akuluakulu a kopa. Inu a ku Ntcheu chimera sindingakuphunzitseni, kusiyana kwake nkoti kwathu timameretsa chimanga kapena mawere pomwe iwo amameretsa balere. Akatcheza amauthira mu migolo ya mtengo wa oak ndipo lamulo la ku Scotland limati ukhalemo zaka zosachepera 3 usanatchedwe Scotch, ambiri amakhalamo zaka 10, 12 kapena kuposa apo. Mtundu wofiirirawo ndi kakomedwe kambiri zimachokera ku thabwa la mgolowo.

Tsono Signatory Vintage si fakitale yomwe inatcheza ayi. Ndi kampani yomwe inayamba mu 1988, ntchito yake nkugula migolo ku mafakitale a eni, kuisunga, nkudzathira m'mabotolo pa lebulo yawoyawo koma akutchula komwe mowawo unachokera. Si zachinyengo izi, ndi bizinesi yakalekale, a Cadenhead's anayamba mu 1842, a Gordon & MacPhail a ku Elgin mu 1895. Ine anthu amenewa ndimawayamikira kwambiri chifukwa popanda iwo mafakitale ngati Blair Athol, Dailuaine kapena Glentauchers sitikanamawalawa paokha kawirikawiri. Timanambala mwanenato taonaninso bwino, mupeza tsiku lomwe anatcheza, tsiku lothira m'botolo, nambala ya mgolo, mwinanso nambala ya botolo lanulo. Mgolo wa malita 250 umatulutsa mabotolo 200 ndi kenakake mpaka cha m'ma 300, akatha amenewo basi kwatha, wofanana naye ndendende sadzapezekanso.

Pa nkhani ya moto wa kukhosiwo, apa nde pali nkhani. Wisiki wa masiku onse asanamuthire m'botolo amamuthira madzi kuti atsike, ambiri a muno mu South Africa mumaona alemba 43%. Cask strength ndiye kuti sanathiremo madzi olo dontho, mmene watulukira mu mgolo ndi momwemo. Mafakitale ambiri amadzaza migolo mowa uli pa 63.5%, ukamakhala zaka wina umauluka kudzera m'thabwa pafupifupi 2% pa chaka ndipo mphamvu imatsika pang'onopang'ono, wanuyo anafika pa 57.8. Mnzanu akanati ndi waukali ngati mutu wa kachasu ndikanamuvomera, koma feki ayi. Ntchito yothira madzi anakusiyirani inuyo kuti muyeze nokha mmene mukufunira.

Kuchita mbuu kuja nakonso kusakuopseni. Makampani akuluakulu amaziziritsa wisiki nkumusefa kuti timafuta tachilengedwe tichoke aziwala bwino mu tambula. Mabotolo ngati lanuli nthawi zambiri sasefa choncho, nde mukathira madzi kapena ayisi timafuta tija timaonekera ngati kachifunga. Anthu okonda wisiki amachita kukasaka dala kachifunga kameneko chifukwa kakomedwe kena kali momwemo.

Kamwedwe kake nkotere. Thirani toti imodzi, ija ya 25 ml, mu tambula yoyera, muisiye kaye mphindi zingapo. Nunkhizani chapatali osalowetsa mphuno yonse. Kenako supuni yaing'ono imodzi ya madzi abwinobwino osazizira kwambiri, lawani pang'ono ngati tiyi wotentha, ngati akuwotchabe onjezerani supuni ina mpaka moto uzime muyambe kumva kutsekemera kwake, ena amamva ngati zipatso zouma kapena mtedza makamaka ngati mgolowo munali vinyo wa sherry kale. Chonde Coke ayi, pa botolo ili lokha ndikupemphani. Ndipo muziwerenga bwino, matoti 3 a ameneyu ndi chimodzimodzi matoti 4 a Bell's wa 43%, osamumwa m'mimba muli njala, ndipo mukamwa chiwongolero osachigwira, Joni mukuidziwa nokha usiku mmene imakhalira.

Amalumewo kawapatseni, ngati alibe vuto la shuga, BP kapena chiwindi ndipo sali pa mankhwala oletsa mowa. Koma musakangowasiyira botolo nkumapita, mukakhale nawo pansi pakhonde, toti yoyamba mukawathirire ndinu ndi madzi ake, muwafotokozere kuti si womwa mopapira. Poti munatsegula kale tsekani chivindikiro zolimba, mukulunge ndi pulasitiki ndi selotepi, ndipo botololo liime chilili osaligoneka chifukwa mowa waukali chonchi umadya koko wa pa chivindikiro. Likulungeni mu juzi pakati pa chikwama chomwe mukhale nacho pafupi mu basi, kutali ndi dzuwa la pa windo, pajatu pa Tete mu Disembala pamatentha zedi.