Funsani Adokotala: Ndikufuna kudzakhala dokotala wa uchembere, ndilowe koleji iti?

FUNSO: Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 17, ndili m'kalasi lomaliza la sekondale kuno ku Indiana, ku America. Chikhalire changa ndimafuna kudzakhala dokotala wothandiza amayi oyembekezera ndi pochira. Makoleji atatu anditenga. Yoyamba ndi yunivesite yotchuka kwambiri ya kutali. Ngakhale andichotserako ndalama zina, tizilipirabe madola 45,000 pachaka. Yachiwiri ndi yunivesite ya boma ya konkuno, yotsika mtengo koma ophunzira ake ndi ochuluka zedi. Yachitatu ndi kakoleji kakang'ono komwe andilipirira pafupifupi zonse, koma palibe amene amakadziwa. Bambo akuti ndipite ku yotchukayo, iwo atenga ngongole. Amayi akukana. Kodi pa atatuwa, ndi iti imene imaphunzitsa bwino za uchembere? Makolejiwa akufuna yankho pofika pa 1 May. — Wothedwa nzeru, Indiana

YANKHO: Mwanangu, pa atatuwo palibe ngakhale imodzi imene idzakuphunzitse kubereketsa. Ku America koleji siphunzitsa udokotala. Umayamba ndi zaka 4 za digiri yoyamba, kenako zaka 4 ku sukulu ya udokotala komwe umatuluka ndi digiri ya udokotala yotchedwa MD kapena DO, kenakonso zaka 4 za residency, ukugwira ntchito m'chipatala akuluakulu akukuyang'anira. Uchembere ndi matenda a amayi zimaphunziridwa pamodzi, n'chifukwa chake umamva anthu akunena kuti OB-GYN. Zonse pamodzi ndi zaka 12, ndipo ukafuna ukatswiri wa mimba zovuta uwonjezerepo zina 3. Chipinda chochirira udzachilowa ngati wophunzira m'chaka chachitatu cha sukulu ya udokotala, kwa masabata owerengeka chabe. Pomwe udzayime pawekha udzakhala uli ndi zaka pafupifupi 30.

Choncho ntchito ya koleji pa iwe ndi imodzi: kukufikitsa pakhomo la sukulu ya udokotala uli ndi magiredi apamwamba, aphunzitsi okudziwa bwino, ndiponso usanamire m'ngongole. Khomolo ndi lopapatiza. Chaka ndi chaka, mwa anthu 10 ofunsira malo ku sukulu za MD amatengedwa pafupifupi 4. Amene amalowa amakhala ndi GPA (avereji ya magiredi) ya pafupifupi 3.8 pa 4.0, ndipo pa mayeso olowera ku sukulu ya udokotala otchedwa MCAT, omwe mapointi ake amayambira 472 kulekeza 528, ambiri amakhala cha m'ma 511. Akamawerengera magiredi ako, a sayansi ndi masamu amawapatula n'kuwaona paokha. Dzina la koleji limathandizako pang'ono, sindikana, koma silifufuta C wa kemisitiri.

Ndatchula kemisitiri dala. Phunziro la organic chemistry ndi limene limagwetsa ambiri ofuna udokotala, makamaka m'chaka chachiwiri. Ku yunivesite yayikulu ukhoza kulimva uli m'holo ya anthu mazanamazana, mphunzitsi akuoneka kutali, mafunso ako akuyankhidwa ndi wophunzira mnzako wamkulu. Ku koleji yaing'ono mungakhale anthu 25, ndipo ukajomba mphunzitsi amadziwa. Zimenezi zimadzaonekera pa makalata. Sukulu za udokotala zimafuna makalata ochokera kwa aphunzitsi a sayansi, ndipo kalata ya munthu amene unagwira naye ntchito mu labotale imasiyana kutali ndi ya munthu amene akukudziwa pa mndandanda wa mayina. Si kuti ku yunivesite yayikulu n'zosatheka. Koma kumeneko uyenera kukhala wosachita manyazi, wogogoda pa ofesi ya pulofesa sabata ndi sabata. Iwe ukudzidziwa wekha ngati uli wotero.

Usadandaule kuti utenge digiri ya chiyani. Bola ukhoze bayoloji, kemisitiri, fizikisi, biochemistry, masamu ndi Chingerezi zimene amafuna, digiri yako ikhoza kukhala ya mbiri yakale kapena ya nyimbo. Chiyambire 2015 MCAT imafunsanso za maganizo a munthu ndi kakhalidwe ka anthu pagulu, ndiye maphunziro amenewo usawanyoze. Ine ndikanakhala iwe ndikanaphunzirako Chisipanishi. Amayi ambiri amene udzawathandize amamva ululu wa kubereka m'chinenero chimenecho.

Tsopano kabuku kokongola kamene koleji imatumiza podzitsatsa. Mwina mwalembedwa kuti ophunzira athu 90 pa 100 alionse amalowa sukulu za udokotala. Usatengeke. Makoleji ambiri ali ndi komiti imene imalemba kalata imodzi yokuyamikira, ndipo ena salembera wophunzira amene magiredi ake ndi otsika. Wotereyo samuwerengera. Ndiye imba foni ku ofesi yolangiza ofuna udokotala ku koleji iliyonse, ufunse zinthu izi: m'chaka choyamba analembetsa angati kuti akufuna udokotala, ndipo mwa iwo ndi angati anafika pofunsira malo? Kodi komiti imalembera aliyense? Chaka chathachi ophunzira anu anapita sukulu ziti? Ofesi imene ikuzemba mafunso amenewa yakuyankha kale.

Funsanso kuti chipatala chili pati, ndipo umafikako bwanji ulibe galimoto. Apa ndi pamene kakoleji kakang'onoko kangagwe, ngati kali kutchire. Sukulu za udokotala zimafuna umboni kuti unakhalapo pafupi ndi odwala: kugwira ntchito mongodzipereka, kutsata dokotala tsiku lonse, kumulembera zimene akupeza, kusamalira okalamba, kapena kugwira mu ambulansi. Koma chifukwa chachikulu ndi cha iwe mwini. Atsikana ambiri amene amandilembera amaona khanda lofundidwa bwino ndi mayi akumwetulira, ndipo n'zoona, masiku ambiri zimatha choncho. Koma dokotala wa uchembere ndi dokotala wa opaleshoni. Ku America pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse amabadwa pa opaleshoni. Mayi amene anali kuseka nawe akhoza kuyamba kutaya magazi chiberekero chikakana kukhwima atachira, ndipo zikatero umathamanga ndi mphindi. Wina magazi amathamanga kwambiri mpaka kuyamba kukomoka. Tsiku lina umayika makina pamimba, kugunda kwa mtima wa mwana osamveka, ndipo wouza makolo ndi iwe. Zonsezi sizisankha nthawi. Pa residency lamulo limalola maola 80 pa sabata. Walira mvula walira matope. Ukazione ndi maso ako usanawononge zaka ndi ndalama.

Ukapitako mwina udzaikonda koposa. Kumeneko ukufunika: bungwe la boma loona za matenda la CDC limasonyeza kuti ku America amayi akuda amamwalira ndi zovuta za uchembere pafupifupi katatu kuposa amayi achizungu. Mwinanso udzapeza kuti chimene ukufuna ndi kukhala pambali pa mayi kuyambira pamene matenda ayamba mpaka kuchira, ndipo imeneyo kwenikweni ndi ntchito ya mzamba, yomwe njira yake imadzera ku unamwino ndipo ndi yaifupi. Kapena udzakopeka ndi za ana, kapena zina zosakhudzana n'komwe ndi chipatala. Sankha koleji imene sudzanong'oneza nayo bondo ngakhale maganizo atasintha.

Za ndalama ndilankhule ndi bambo ako, uwawerengere ndime ino. Bambo, madola 45,000 kwa zaka 4 ndi 180,000, mwana asanagwire ngakhale chida chomvera kugunda kwa mtima. Ophunzira udokotala amene amatenga ngongole amamaliza ali ndi ngongole ya pafupifupi madola 200,000. Lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2025 likuti kuyambira July 2026 boma lizibwereketsa wophunzira udokotala madola osapitirira 50,000 pachaka ndi 200,000 onse pamodzi. Zotsalazo n'za m'thumba mwanu kapena za kubanki. Zoona, pali sukulu zimene sizilipiritsa fizi: ya New York University (NYU) inayamba mu 2018, Albert Einstein College of Medicine mu 2024. Koma kulowa kumeneko n'kovuta kwambiri moti simungakonze bajeti podalira zimenezo. Mphamvu zanu musungire mtunda wachiwiriwo, wa sukulu ya udokotala, ndiwo wautali. Ndikudziwa kuti dzina la yunivesite yotchuka limakoma kulitchula pa foni kwa abale. Mayi amene ali pa bedi la opaleshoni safunsa komwe dokotala anatenga digiri yoyamba.

Ndiye maganizo anga ndi awa, mwanangu. Lembera yotchukayo, uwatumizire makalata a ndalama a makoleji enawo, uwapemphe aonenso thandizo lako. Zimenezi n'zololedwa ndipo nthawi zina amatsitsa. Akapanda kutsitsa kwambiri, ileke. Pa ziwiri zotsalazo mtima wanga uli ku kakang'onoko, ngati mayankho a pa foni aja akhala ogwira mtima ndipo chipatala chili pafupi. Kusadziwika kwake kusakuopse: Xavier University of Louisiana ndi koleji yaing'ono ya ku New Orleans, koma kwa zaka zambiri yakhala m'gulu lotsogola potumiza ophunzira akuda ku sukulu za udokotala. Mayankho akakhala osakhutiritsa, pita ku ya boma, ufunse ngati ili ndi gulu la honors komwe makalasi amakhala ochepa anthu. Kulikonse kumene upite, usataye mwayi wako wowerengedwa ngati wokhala ku Indiana, chifukwa sukulu za udokotala za boma zimayamba kuona ana a m'chigawo chawo, ndipo ya Indiana University ndi imodzi mwa zazikulu kwambiri m'dzikomo.

FUNSO: Adokotala, tamva kuti pali makoleji amene amatenga mwana kuchokera ku sekondale n'kumulonjezeratu malo ku sukulu ya udokotala. Mwana wathu ali m'kalasi la 11, koma sitinalandirebe green card, chilolezo chokhala ku America mokhazikika. Tiyesere? — Mayi wa ku Texas

YANKHO: Alipodi, mayi, mapulogalamu amenewa amawatchula kuti BS/MD, kutanthauza digiri yoyamba ndi ya udokotala pamodzi. Wa ku Brown University umatenga zaka 8, wa ku University of Missouri-Kansas City zaka 6. Malo ndi ochepa kwambiri, ndipo lonjezolo limakhala ndi mfundo zake: ambiri amafuna kuti mwana asatsike pa magiredi ena ake, ena amafunanso kuti alembebe MCAT. Koma kwa inu nkhani yoyamba ndi ya mapepala. Mapulogalamu ambiri otere amatenga nzika ndi okhala ndi green card okha. Sukulu za udokotala zimene zimalandira anthu a pa viza n'zochepa, ngongole za boma sapatsidwa, ndipo zina zimafuna muonetseretu ndalama za zaka zingapo mwana asanayambe. Funsani loya wanu wa za imigireshoni kuti nkhani yanu ikuyembekezeka kutha liti, makamaka poti mwana akakwanitsa zaka 21 akhoza kuchoka pa pempho la makolo ake. Kenako lemberani pulogalamu iliyonse payokha, chifukwa malamulo awo si ofanana ndipo amasintha chaka ndi chaka.