Apongozi akuzindikira kanji koma hiragana yawakanika

Achemwali, mwalemba kuti apongozi anu ku Nagoya, chidwalireni sitiroko, akaona chilembo cha kanji cha 水 amaloza madzi nthawi yomweyo, koma mukawalembera mawu omwewo mu hiragana, みず, amangoti maso tong'o. Ndiye mwafunsa ngati mutu wasokonekera kapena akungochita dala, poti hiragana ndi imene ana amayambira. Pepani ndi matendawa. Sakuchita dala ayi, ndipo nzeru zawo zilipo. Madokotala a ku Japan akhala akuziona zimenezi kuyambira kale mwa anthu a aphasia, vuto la kulankhula, kumva mawu, kuwerenga ndi kulemba lobwera ubongo ukavulala, limene kumeneko amati shitsugosho.

Ndifotokoze kaye pang'ono kaamba ka anzathu m'gulu muno amene Chijapani sachidziwa. Kanji ndi zilembo zochokera ku China, ndipo chilembo chimodzi chimanyamula tanthauzo. Mndandanda wa boma wa 2010 uli ndi kanji 2,136 za tsiku ndi tsiku. Zilembo zina, zotchedwa kana, zili mitundu iwiri, hiragana ndi katakana, iliyonse ili ndi zilembo 46 zoyambira, ndipo chilembo chimaimira phatikizo basi, ngati ba be bi bo bu amene tinkaimba mu sitandade 1.

Nkhani yagona pamenepo. Kuti munthu awerenge みず ayenera kusandutsa chilembo chilichonse kukhala liwu, mi kenako zu, n'kulumikiza, tanthauzo n'kubwera pambuyo. Pa 水 diso likangoona, tanthauzo lafika kale, ngakhale pakamwa pakanike kutchula. Tsono sitiroko ikawononga mbali ya kumanzere kwa ubongo kumene kumasanjidwa maliwu, njira ya maphatikizo ija imatsekeka, ya tanthauzo n'kutsala. Chimene inu ndi ine timati chophweka, kwa iwo ndiye phiri.

Sumiko Sasanuma ndi Osamu Fujimura analemba za izi mu 1971: odwala amene ankavutika kusanja maliwu polankhula ankalakwitsa kwambiri kana kusiyana ndi kanji. Polemba m'pamene zimaonekera bwino. Maphatikizo amasinthana malo, ena amasowa, timadontho tiwiri timene timasandutsa す (su) kukhala ず (zu) timaiwalika, mizu n'kusanduka misu. Mukaona zotere m'kope lawo musawakonze ngati mwana wa sukulu. Zimawawa kwa munthu amene wawerenga nyuzipepala moyo wake wonse.

Aliponso odwala amene zawo zimayenda chobwerera. Mu 1943 Tsuneo Imura anafotokoza mtundu umene anautcha gogi, kumene chimatayika ndi tanthauzo la mawu. Wodwala wotere amawerenga kana mokweza popanda chovuta, koma osamva chimene akuwerenga, ndipo kanji amazitchula molakwika chifukwa chilembo chimodzi chimakhala ndi matchulidwe angapo, ndipo chimene chimakuuza loyenera ndi kudziwa mawuwo. Chitsanzo chodziwika ndi 海老, dzina la tinkhanu ta m'nyanja, limene limatchulidwa ebi. Wodwalayo amati kairo, kutchula chilembo chilichonse pachokha. Mu 1984 Makoto Iwata ananena kuti kanji ndi kana zimadzera njira zosiyana mu ubongo, kanji cha m'munsi chakumbuyo kwa temporal lobe (mbali ya ubongo ya pafupi ndi khutu) ya kumanzere, kana cha ku angular gyrus, malo ena a pamwamba pake.

Komabe musatenge kuti ubongo uli ndi mabokosi awiri, lina la kanji lina la kana. Ofufuza a pambuyo pake anaona kuti kuzolowereka kwa mawu kumalowererapo kwambiri. Kanji yosowa ingawakanike apongozi anuwo, pamene テレビ, terebi (TV), yolembedwa mu katakana, imene aiona kambirimbiri, angaizindikire yonse pamodzi ngati nkhope ya mnansi. Ine ndimaona kuti funso lothandiza si lakuti ndi zilembo ziti, koma lakuti mawuwa akuwafikira kudzera m'maliwu kapena m'tanthauzo.

Tchati cha hiragana chimene mwati amuna anu anagula kuti amayi awo aziloza chilembo chimodzichimodzi, chisungeni kaye. Chimathandiza munthu amene lilime lalemera koma mawu ali nawo m'mutu. Kwa wa aphasia, kuloza mi kenako zu n'kumupatsa ntchito yomwe ija yamukanika. Bola kulemba kanji zikuluzikulu ziwiri kapena zitatu, monga madzi, tiyi, chimbudzi, iwo n'kusankha, kuphatikizapo zithunzi ndi kalendala. Foninso ingawakhumudwitse, chifukwa kutaipa Chijapani kumayambira pa maliwu, kanji n'kubwera pambuyo. Ayeseni kulemba ndi chala pa sikirini, kapena kutumiza tizithunzi ta pa LINE, pulogalamu ya pafoni yotumizirana mauthenga. Ndikamaganiza za odwala athu kumudzi ndimamva chisoni, poti Chichewa chathu chonse chimalembedwa motsatira maliwu, tilibe kanji yogwirira ikaduka njira inayo.

Kuchipatala funsani gengo chokakushi, katswiri wa za kulankhula amene ambiri amangoti ST. Kawirikawiri amayeza ndi mayeso otchedwa SLTA, amene amaika padera kuwerenga ndi kulemba kanji ndi kana, choncho apempheni akuonetseni pamene apongozi akulimba. Ilipo njira yobwezeretsera kana podalira zimene zatsala: か (ka) imamangirizidwa ku mawu odziwika ngati 柿, kaki, chipatso chija cha m'nyengo ya masamba kuyoyoka, wodwala n'kumakumbukira chipatsocho kaye kenako n'kudula phatikizo loyamba. Ena amathandizidwa ndi kulondola chilembo ndi chala m'dzanja. Zimatenga miyezi, ndipo mawu omangirizirawo amagwira bwino akakhala a pamtima pawo, monga dzina la mdzukulu kapena la mudzi umene anakulira. Amenewo ST sawadziwa, ndiye mukhale pansi ndi amuna anu muwalembe musanapite.