Yankho pa funso la chifaniziro cha HMS Dreadnought

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene zithunzi za HMS Dreadnought, sitima yankhondo ya ku Britain, zikusiyanirana, ndiponso chithunzi chimene mungatsatire popanga chifaniziro chanu. Yankho langa ndi lakuti musankhe chaka chimodzi cha moyo wa sitimayi musanagwire guluu kapena penti, chifukwa sitima yankhondo imasinthidwa nthawi iliyonse imene yalowa m'doko kukakonzedwa, ndipo Dreadnought ya 1907 si yofanana ndi ya 1918.

Komabe ndikupemphani kuti muyambe mwamvetsa chimene anaimangira motero. Anayamba kuimanga ku Portsmouth pa 2 October 1905, Mfumu Edward VII inaitsitsira m'madzi pa 10 February 1906, ndipo pofika December chaka chomwecho inali pa ntchito, liwiro la kamangidwe limene Admiral John Fisher, mkulu wa asilikali apamadzi a ku Britain, analilimbikira kwambiri. Sitima zakale zinkanyamula mizinga yosakaniza. Mwachitsanzo, za gulu la Lord Nelson zinali ndi mizinga 4 ya mainchesi 12 ndi ina 10 ya mainchesi 9.2. Vuto linali lakuti powombera patali, asilikali ankakonza kaloza kawo poona pamene zipolopolo zathovutsa madzi, koma kuthovuka kwa mzinga waukulu ndi kwa wocheperapo kunkaoneka chimodzimodzi, kotero sankadziwa mzinga woti aukonze. Nkhondo yapamadzi ya ku Tsushima, ya pakati pa Japan ndi Russia, mu May 1905 inaonetsanso kuti mizinga ikuluikulu ndiyo imagamula nkhondo yomenyana motalikirana. N'chifukwa chake Dreadnought anaipatsa mizinga 10 ya mainchesi 12 yokhayokha, iwiriiwiri mu turret iliyonse (kanyumba kachitsulo kozungulira momwe mumakhala mizinga), pamodzi ndi injini za turbine za Parsons zoyendetsa mapulopela 4, zimene zinkaifikitsa pa liwiro la ma knot 21.

Mukayang'ana pulani yake muona turret imodzi kutsogolo, ziwiri kumbuyo pa mzere wapakati, ndi ziwiri m'mbali, ina kumanja ina kumanzere. Motero powombera mbali imodzi inkagwiritsa ntchito mizinga 8 yokha. Anthu a ku America pa sitima yawo ya South Carolina anasanjikiza turret ina pamwamba pa inzake, ndipo ndi mizinga 8 yokha anapeza mphamvu yofananayo. A ku Britain ankaopa kuti mphepo ya mzinga wapamwamba ivulaza anthu a m'turret yapansi. Ine ndimaona kuti apa a ku America anaona patali.

Chinthu chimene sindifuna kuti mulakwitse ndi mlongoti wakutsogolo wa miyendo itatu. Uli kumbuyo kwa chumuni choyamba, osati kutsogolo kwake, ndipo wina akhoza kuganiza kuti wojambula pulani anasokoneza. Anauika pamenepo kuti uzithandiza kukweza ndi kutsitsa maboti, koma zotsatira zake zinali zakuti utsi wotentha wa malasha unkafika m'kachipinda kapamwamba ka anthu oona kumene zipolopolo zikugwera. Pa chifaniziro chanu, detsani pang'ono miyendo ya mlongotiwo ndi pansi pa kachipindako ndi penti yakuda yosungunula kwambiri, ndipo aliyense wodziwa sitimayi adzazindikira kuti munafufuza.

Tsopano ku zithunzi zanu. Chimene chikuonetsa mapaipi aatali atapendekera m'mbali mwa sitima monsemo ndi cha zaka zoyambirira, chifukwa amenewo ankatambasulira maukonde otchinga ma torpedo (mabomba oyenda m'madzi), ndipo anawachotsa nkhondo ya 1914 ili m'kati. Timizinga ting'onoting'ono totchedwa 12-pounder ta pamwamba pa ma turret tinasinthidwanso kangapo, ndipo pambuyo pake anawonjezera mfuti zowombera ndege. Musadalire chithunzi chopanda deti. Za ku Imperial War Museum kawirikawiri zimakhala ndi mawu ofotokoza, ndipo National Maritime Museum ku Greenwich imasunga mapulani a sitima za Royal Navy. Sitima yeniyeniyo anaigulitsa mu 1921 kuti aiphwasule.

Za sikelo, sitimayi inali yaitali mamita pafupifupi 160, kotero pa 1/350 mupeza masentimita 46 ndipo pa 1/700 mupeza 23. Woyamba kumene ndimamulangiza 1/350, chifukwa mapaipi a maukonde aja ndi mawaya a wailesi amagwirika ndi kapanira popanda kuthyoka. Kampani ya Zvezda imapanga chifaniziro cha pulasitiki cha sikelo imeneyi, ndipo kampani ya Trumpeter inatulutsa cha 1907, cha 1915 ndi cha 1918 padera.

Ndikanakhala inu ndikanasankha 1915. Sitimayi sinapite ku nkhondo yaikulu yapamadzi ya ku Jutland mu 1916 chifukwa inali kukonzedwa, koma pa 18 March 1915 inagunda ndi kumiza sitima yoyenda pansi pa madzi ya Germany, U-29, imene ankailamulira Otto Weddigen. Mukatero, sonkhanitsani zithunzi za miyezi yoyandikana ndi March 1915, muwerenge timizinga ta pa turret iliyonse, kenako muyerekeze ndi zimene zili m'bokosi musanadule kalikonse.